Makobidi a ku Russia a Amalume a Lameki

Chulu, Kasungu
19 Okutobala

Okondedwa achemwali anga a Fainala,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu uko ku Kepi. Chifuwa chija munkadandaula m'nyengo yozizira chinatha? Kuno tadzuka. Amayi alipo, kungoti bondo lija limawavuta akachoka kudimba. Ana anu Shalom ndi Thoko ali bwino. Thoko waguluka mano awiri akutsogolo ndipo sakufuna kuseka pagulu. Dzuwa lanyanya, madzi a ku nazale tikukatunga kutali, ndipo fodya wa ena wayamba kupserera pa bedi pomwe.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Ndajambula mawu kanayi, kanayi konse ndafufuta. Ndiye ndapatsira a dalaivala aja amakubweretserani ufa. Musathamangire kuimba, muyambe mwawerenga mpaka kumapeto.

Nkhani ndi iyi: musasiye ntchito. Ngati munawauza kale abwana anu kuti Disembala mukubwera kumudzi kosabwereranso, pitani mukawauze kuti mwasintha maganizo. Chuma chimene amalume a Lameki anakulonjezani pa foni asanamwalire chawonongeka, ndipo wolakwa ndine.

Mukudziwa kuti amalume anakhala ku Russia zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, kuphunzira ndi kukonza mathirakitala, nthawi imene kubwera kumudzi kunali koopsa kwa iwo. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kangachepe kalikonse kamene ankapeza ankagulira makobidi akale a siliva, a nthawi imene dzikolo linali ndi mafumu. Anabwera nawo m'chitini cha mabisiketi. Anthu ankawaseka kuti anzawo anabwera ndi magalimoto, iwo anabwera ndi tchenji chosagula ngakhale mchere.

Nditamaliza ku koleji n'kusowa ntchito, ndinkakhala nawo m'chigafa posankha fodya. M'menemo ndi mmene anayamba kundiphunzitsa. Makobidiwo anali makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, lililonse m'kaenvulopu kake, atalembapo chaka chake ndi msika umene anagula.

Ankati khobidi lili ngati tsamba la fodya: mbewu ikhoza kukhala imodzi, koma mtengo umalamulidwa ndi giredi. Ogula amayang'ana ngati ndevu za mfumu zikuoneka bwinobwino, ngati nthenga za chiwombankhanga cha mitu iwiri cha kumbuyo kwa khobidi zikuwerengeka. Ndikagwira pakati ankandimenya dzanja, ati khobidi limagwiridwa m'mphepete. Ndipo lamulo lawo lalikulu, limene ankabwereza mpaka kundikwana, linali lakuti khobidi lakale silitsukidwa. Kuda kuja ndiye umboni wa zaka zake. Ukapukuta, wapukuta ndalama.

Asanu ndi awiri anali abodza, ndipo iwo ankadziwa. Anawapusitsa nawo pamsika wa mumsewu ali ongofika kumene, ndiye anawasunga dala kuti asaiwale uchitsiru wawo. Anandionetsa kasiyanitsidwe kake. Lenileni silikakamira maginito, limalemera magalamu makumi awiri, m'mphepete mwake muli zilembo zakuya, ndipo ukaligogoda limalira nthawi yaitali. Labodza limangolira kamodzi ngati chitsekerero cha botolo.

Mu Ogasiti, atagona kale pamphasa, anandiitana n'kundiuza kuti chitinicho n'chanu. Anati mwana wa mlongo wawo wakolopa nyumba za eni zaka zisanu ndi zinayi, zakwana. Anati ndikagulitse mosathamanga, inu mubwere, mutsegule golosale pa Chulu, mulere ana anu nokha. M'nyumbamo munalibe munthu wina. Ndinavomera.

Sabata yomweyo ndinajambula makobidi onse pa foni n'kupita ku boma kwa a Uthman, aja ali ndi sitolo ya mawotchi ndi mphete. Ali ndi mnzawo ku Dar es Salaam amene amasonkhanitsa zinthu zoterezi. Patapita masiku atatu anandiyankha kuti ngati enieniwo alidi mmene akuonekera pa zithunzi, mnzawoyo apereka mamiliyoni asanu ndi limodzi, ndipo theka la ndalamayo ndi la makobidi awiri okha: la 1912, ndi la 1913 lokhala ndi nkhope ziwiri.

Achemwali, nditamva nambala imeneyo dzina lanu linachoka m'mutu mwanga. Ndinaona pampu ya sola padambo, mapaipi, anyezi ndi tomato zili biriwiri mu Okutobala anzanga akulira ndi nazale. Mukundidziwa. Zaka zinayi ndaphunzira za ulimi kuti ndidzasoke fodya ngati mmene ankasokera agogo? Chaka ndi chaka timagwetsa mitengo, timapuma fumbi la m'chigafa, kenako belo n'kubwezedwa ku okushoni, anthu n'kumatonthozana kuti chaka chamawa zikhala bwino. Ine chaka chamawa chimenecho ndinatopa nacho. Ndinadziuza kuti ndikakolola kawiri ndikutumizirani zanu zonse, inu osadziwa n'komwe kuti zinakhotera kudambo.

Amalume atamwalira ndinatseka pakamwa. Ndinadziwa kuti pogawa katundu tsiku lometa, anthu akamva za mamiliyoni aliyense akumbukira kuti ndiye anali mwana wokondedwa. Ndiye pokambirana ndinangoti njinga, wailesi ndi masuti atenge ena, ine andipatse kachitini ka zitsulo kaja kuti ndiziwakumbukira nako. Ena anaseka, ena anandiyamikira kuti sukulu sinandiphunzitse dyera. Ndinaweramitsa mutu ngati munthu wodzichepetsa.

Chimene sindinachiganizire ndi mwambo wathu womwe. Katundu wa malemu sagawidwa asanachapidwe ndi kutsukidwa. Ine ndinkaona ngati zimenezo n'za zovala ndi mbale basi. Dzulo lake la tsiku lometa anandituma kumsika kukagula mbuzi, ndipo ndinapita mtima uli m'malo. Azimayi anatulutsa zonse panja. Chitini chija amayi anatenga okha, ati popeza chasankhidwa ndi mwana wawo, asachigwire wina.

Pobwera ndinawapeza pansi pa mango, atatambasula miyendo, beseni lili pambali. Anali ndi phulusa, mchenga wa kumtsinje, ndimu zodula pakati ndi kawaya kokwechera mapoto. Makobidi anawayala pa chitenje kuti aume. Ankawala ngati masupuni atsopano. Timaenvulopu tonse anasonkhezera moto, ati tinali ndi ndowe za mphemvu.

Anandiuza mosangalala kuti awagwirira ntchito kuyambira m'mawa, kuti ena anali akuda ngati kunsi kwa mphika moti anachita kuwakhula pamwala, ndipo anandionetsa zala zawo zitasupuka. Anati mchimwene wawo anali wophunzira koma wauve ndi zinthu zake. Asanu ndi awiri okha ndi amene sanawakhudze, ati amenewo anali oyera kale.

Ndikanati chiyani pamaso pa azimayi onse aja, ine amene ndinanena ndekha kuti n'zitsulo chabe? Chikhala kuti ndinawauza amayi mawu amodzi okha, bwenzi atachimanga chitinicho m'chiuno n'kugona nacho.

Lolemba ndinakwera njinga yamoto kupita kwa a Uthman. Anayala nsalu patebulo, anatulutsa kasikelo kawo, maginito ndi galasi lokuzira zinthu. Anatenga la nkhope ziwiri lija, analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti wachita zimenezi ndani, ndipo ngati munthuyo tinayambana. Anandipatsa galasi kuti ndione ndekha. Nkhope zonse ziwiri zinali mizeremizere ngati pamene padutsa khasu. Ndevu za mfumu zinatheratu.

Sikelo inavomereza kuti khumi ndi asanu ndi anayi ndi enieni. Anagogoda limodzi, linalira bwinobwino, kulira kumene amalume ankakukonda. Koma anati mnzawo wa ku Dar sangawalandire ngakhale pa theka la mtengo. Chimene chatsala ndi siliva wake, woyeza pa sikelo ngati mtedza, ndipo onse pamodzi safika miliyoni imodzi. Ndinawafunsa ngati palibe mankhwala obwezera kuda kuja. Anati kuda kukhoza kubwerera, koma zimene mchenga wadya sizimeranso.

Pali chinanso choti mudziwe, kuti mukamandiweruza mundiweruze yense. Asanu ndi awiri osatsukidwa aja ndi abodza aja. Anayi anakakamira maginito, atatu anapepuka pa sikelo. Ndinawafunsa a Uthman ngati sangapezeke mlendo wosadziwa, wa m'mahotela a ku Lilongwe, woti tingamugulitse. Anawakulunga m'pepala, anandiikira m'manja, n'kunena kuti nthawi ya swala yakwana, akutseka sitolo. Inali teni koloko m'mawa, nthawi imene kulibe swala iliyonse.

Ndinayenda wapansi mpaka pa siteji, manyazi akundiwotcha kuposa dzuwa. Ine amene ndimanyoza mavenda oika miyala m'kati mwa belo, ndinafuna kuchita zomwezo tsiku loyamba limene zinandivuta.

Enieniwo sindinagulitse. Ndi anu, ali m'chitini, ndipo munene ndinu chochita nawo. Koma ndisakunamizeni: ndalama yake ikhoza kulipira ulendo wanu wa pa basi, kugula shuga ndi sopo wa mwezi umodzi m'golosale, n'kuthera pomwepo. Singakusungeni inu ndi ana awiri mpaka kukolola.

Ndikalipireni mmene mungathere, ndimva. Mukafuna kusandilankhula, ndipirira. Koma amayi musawaimbire muli ndi mkwiyo, sakudziwa kanthu. Ndinawauza kuti ndikupita ku boma kukaonetsa makobidi kwa munthu wowadziwa, ndiye pobwera anandichingamira panjira kufunsa ngati waona mmene anawalitsira. Ndinati waona. Anafunsa ngati wayamikira. Ndinati wayamikira kwambiri.

Chikundipweteka n'chakuti chipinda chanu anachizira kale, ndipo asunga nkhuku ziwiri zoti asaphe wina aliyense mpaka mutafika. Shalom wauza kale aphunzitsi ake kuti chaka chamawa ku msonkhano wa makolo kuzibwera amayi ake enieni, osati agogo.

Ntchito yowauza ndi yanga, musaisenze inu. Mukangonditumizira uthenga kuti kalatayi mwailandira, tsiku lomwelo ndiwakhazika pansi amayi ndi ana, ndinene zonse ndi pakamwa panga, kuyambira pa mawu a amalume amene ndinabisa. Ndikungopempha kuti muyambe mwalankhula ndi abwana anu mawa lomwe. Ngati apeza kale munthu wina m'malo mwanu, musandibisire monga ndinakubisirani ine.

Mundiperekere moni kwa a Fyness amene mumakhala nawo, ndi onse a kwathu amene mumakumana nawo ku tchalitchi. Amayi akuti ndikuuzeni kuti musaiwale mafuta opaka pa bondo pobwera. Ndalemba monga anenera.

Mulungu akusungeni uko, popeza ine ndalephera kukusungirani chanu kuno.

Ndine mlongo wanu,
Sankhani