Wogawa atenge mulu wotsala

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji? Kapena ndifunse m'chinenero chanu: muli tani? Kuno kwa Ndamera dzuwa likadali lomwe lija munalisiya, lowotcha ndi mthunzi womwe.

Ndiyambe ndi zokoma. Mlongo wanga Esinati wabereka mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu, ndipo watengera ndi pakamwa pomwe: akalira, mudzi wonse umadziwa kuti wina walakwa. Mapira tinakolola ochepa, madzi anadya munda wakumunsi. Mbatata zakudimba ndiye zachita bwino. Mbuzi yanu yamawanga ija inagwidwa ndi ng'ona. Inafa monga inakhalira, ikudya pamalo oletsedwa.

Tsono imvani chandilembetsa kalatayi. Madzi atasefukira, anthu anathawira pasukulu pomwe ndili mphunzitsi wamkulu, ndipo mphepo inasasula denga la Sitandade 3. Phungu wathu anabwera kamodzi. Anatsitsa galasi la galimoto, natisiyira moni ndi zidebe. Sabata yatha dalaivala wake anafika ndi pepala loti ndisayine ndi kudindapo chidindo cha sukulu, kuchitira umboni kuti olemekezeka anatiyendera kanayi. Pepalalo likafika ku Lilongwe amabwezeredwa za mafuta ndi zogonera. Sanandiopseze ayi. Anangoyang'ana denga losasukalo, nanena kuti malata alipo, akungodikira kuona sukulu zodziwa ulemu.

Pepalalo ndinalisunga masiku atatu. Ndiye mwadzidzidzi m'maganizo ndinakuonani padooko, inu ndi anzanu atatu aja mutagula dengu limodzi la milamba. Mmodzi ankaunjika miulu inayi, enanu n'kusankha, iye n'kutenga wotsala. Munkati, "Wogawa atenge mulu wotsala, m'pamene maso ake amaona bwino." Tsiku lija mmodzi wa anzanuwo, a Nyamitambo, anagawa n'kuyamba kutambasula dzanja kuti asankhe, "Nkhabe!" wanu wokaniza uja anaulutsa akakowa dambo lonse.

Kukoleji anatiphunzitsa zimenezi chaka chathunthu, ndi mawu aataliatali a Chingerezi. Inu munazimaliza milamba ili m'manja. Masiku ano pawailesi akukangana kuti pakhale bungwe loima palokha, lopanda phungu m'kati mwake, loti liziika malipiro a aphungu ndi kufufuza mapepala ngati langa lija. N'zabwino ndithu. Koma oti avomereze bungwelo ndi aphungu omwewo. Ndiye kuti tikufunsa wogawa ngati angakonde kutenga wotsala. Ndatopa nazo, Amayi. Nkhaniyi ndinayamba kuimva ndili ndi tsitsi.

Pakadali pano bungwe lake ndine, ndi bolopeni yanga yolemba mochita kuipempha. Ndinafufuta "kanayi", ndinalemba "kamodzi", n'kudinda. Dalaivala atabweranso anawerenga, anapinda pepala bwinobwino, napita osatsanzika. Malata aja sabwera, ndikudziwa. Mlamu wanga akuti ndine chitsiru cha satifiketi, akuti chilungamo sichitchinga mvula. Mwina akunena zoona. Mitambo yayamba kale kusonkhana cha ku Mozambiki, ndipo ana aja akuphunzira akuyang'ana kumwamba.

N'chifukwa chake ndabwera ndi pempho. Chisakasa chanu chowambiramo nsomba chikadaima, palibe wasonkhamo moto chipitireni inu. Ndikupempha malata ake. Ndi akuda bii ndi utsi, ndipo safika kalasi yonse, koma aphimba bolodi ndi mizere yakutsogolo. Akumbuyo tizisinthanitsa. Loweruka ndikawazula. Ana aziwerengera masamu akumva fungo la milamba yanu, mwina china chake chiwalowa chimene ine sindingaphunzitse ndi choko.

Ngati mwakana, mubwere kutulo mudzanene. "Nkhabe" wanu sindingamuphonye. Mukakhala chete, ndikulonjeza kuti chisakasacho ndichifolera ndi udzu ndi manja angawa mvula isanagwe, kuti mwana wa Esinati adzapeze pomwe agogo ake ankakalipira anthu.

Ndine mwana wanu wokukondani, wouma mutu monga munandiumbira,

Zuze