Maenje Atatu a pa Thanthwe

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano? Ife kuno tili bwino, kungoti bondo langa lija likumavuta kukazizira.

Ndiyambe ndi za kwathu ku Kabudula. Mtedza chaka chino wabereka, moti achimwene a Yohane akuza nkhokwe. Chimanga anankafumbwe anayamba kuchilawa, koma ndinapita ndekha kukathira mankhwala, poti achimwene mukuwadziwa. Mdzukulu wanu Chisomo wachira, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu, Elinati. Ngakhale kakwinyidwe ka pachipumi ndi kanu.

Ine ndikadali pantchito ija ku Lilongwe, yochapa ndi kuyala mabedi panyumba ya alendo osafuna zodula. Amafika atabereka zikwama ngati matumba a chimanga, n'kumagona asanu ndi atatu chipinda chimodzi, wina pansi wina pamwamba. Inu mukanati, "Mlendo wanji wogona padenga pa mnzake?" Koma ndi anthu abwino. Mbale amatsuka okha, ngakhale ndimabwerezanso akatuluka.

Tsono nkhani ndi iyi. Mwezi watha mtsikana wina wachizungu anafunsa abwana kuti kumene kuli maofesi a boma kuja kale kunali chiyani. Abwana anati, "Thengo lokhalokha." Ine tsache lili m'manja, pakamwa panangotseguka pokha: "Pepani bwana, thengo lake liti? Amayi anga anabadwira komweko." Ndinafotokoza za mudzi wanu wa Kamkuyu, za malole amene anadzakunyamulani likulu likuchoka ku Zomba, ndi mmene munkakanira kutchula malo ndi nambala. Paja munkati, "Eriya chakuti, eriya chakuti! Malo asanduka mbuzi kuti tiziwawerenga?"

Ndinkayesa kuti ntchito yandithera. Koma abwana anaseka n'kunena kuti, "Ndiye Loweruka mukawaonetse alendowa, eti?"

Amayi, nkhawa inandigwira. Ine ku Kamkuyu sindinapondeko, ndinabadwa mutasamuka kale. Ndinali ndi mawu anu okha: thanthwe la m'mbali mwa Lingadzi, maenje atatu operera mawere, lapakati lobenthuka mlomo, limene munkati ndi la agogo. Nanga akanakhala kuti analiphwanya? Anthu akanati amayi ake ankangopeka, ndipo dzina la mudziwo likanathera pa ine.

Lachinayi nditaweruka ndinatsikirako ndekha. Ndinatsata mtsinje, mipanda ya njerwa ili mbali inayo, mpaka kuseri kwa malo otsukira magalimoto. Thanthwe lilipo, amayi! Mayi wina anali atayanikapo zovala. Ndinamupempha kuti asunthe chitenje, n'kuwerenga maenjewo mobwereza katatu. Ndi atatu ndithu, ndipo lapakati n'lobenthuka monga munkanenera. Ndinachotsamo dothi ndi timapepala ta siwiti, n'kukhala pomwepo kanthawi.

Loweruka ndinapita ndi alendo asanu ndi mmodzi, abwana akutanthauzira. Ndinawaonetsa maenje aja n'kuwafotokozera za agogo. Mtsikana uja analemba dzina la mudzi wanu pamapu ake, pamwamba penipeni pa nambala. Analemba "Kakuyu". Ndinamubwezera cholembera kuti aikepo chilembo chimene anasiyacho.

Elinati akangoyamba kukhala pansi, ndidzamubereka mpaka pathanthwepo, akaike kadzanja kake m'dzenje lapakatilo. Zimenezi ndalonjeza.

Ndimakukondani, ndipo chitisiyireni padziko pano ndikukusowani.

Ndine mwana wanu,
Estere