Thadzi Langa Linadyedwa ndi Phungu wa Eni

Amayi anga, kaya mukukhala bwanji kumene muliko?

Ine ndilipo. Chimanga kwathu ku Dzoole chachita bwino chaka chino, koma fodya wa achimwene anawonongeka ndi matalala. Nkhani yabwino ndi yoti ndili ndi khanda lalikazi, ndipo ndalitcha dzina lanu. Tikukhalabe ku Lilongwe, kudera la nyumba za zidina kuja tinapeza malo bambo a ana atayamba ntchito yomanga.

Mdzukulu wanu Yohane, uja munamusiya akukwawa, anatsala pang'ono kukutsatirani. Anatsegula m'mimba mpaka maso kulowa m'kati. Madzi timatunga pachitsime cha kudambo, kumunsi kwa zimbudzi, chifukwa mpopi kulibe. Ana a anzanga ena tawaika m'manda dzinja lomweli.

Tsono imvani uchitsiru wanga museke. Nditabwera kudzalambula pamanda panu, ndinagwira thadzi n'kupita nalo ku Madisi, kwa phungu wa kwathu, kukadandaula za mpopi. Analilandira ndi manja awiri, kenaka n'kundiuza kuti Lilongwe si dera lake, tauni ili ndi phungu wakewake. Thadzilo sanabweze.

Ndinakwera basi mtima uli phuluphulu, koma m'njira ndinaona kuti wolakwa si iye yekha. Tonsefe kuno timadzitenga ngati alendo. Wa ku Ntchisi amati phungu wake ali ku Ntchisi, wa ku Bowe chimodzimodzi, ndiye wa m'tauni akhala bwanji ndi womufunsa? Phungu woyamba wa m'tauni muno anali mwini sitolo, tauni ikadali yaing'ono. Wachiwiri tinangomva pawailesi kuti wadutsa popanda wopikisana naye, tsiku lina n'kumvanso kuti pampando palibe, ndipo palibe anafunsa. Wachitatuyu sanapondepo kudambo kwathu. Munkakonda kunena kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma Amayi, ndi mlendo wanji wobereka ana ndi kuika maliro pamalo omwewo?

Choncho ndalembetsa dzina langa m'kaundula wa chisankho kuno, osati kumudzi. Zinandiwawa ngati ndakusiyani nokha. Mundikhululukire.

Loweruka phungu wa m'tauniyo akubwera kumsonkhano, ndipo amayi tikavina chimtali. Mukudziwa kuti masiku ano munthu sangoimirira n'kudandaula. Bambo wina anayesa chaka chatha, galimoto inabwera kudzamutenga, ndipo mkazi wake akudikirabe. Koma woyambitsa nyimbo ndine, poti pakhosi ndinatengera inu. Tikatha zotamanda zija ndidzaponya ya madzi, kutchula chitsimecho ndi mayina a ana amene tinaika. Amayi awo alonjeza kuti adzavomera. Kaya angagwire bwalo lonse la amayi ovala nsalu ya chipani, tidzaonera pomwepo.

Bambo a ana akuti ndikhale chete, ntchito ingawathere, ndipo dzulo tinasemphana mawu. Sindikuwada, akunena zoona. Mantha nanenso ndili nawo, sindikubisirani, koma walira mvula walira matope.

Ndapangana ndi alamu anga kuti dzuwa likadzalowa ndisanabwere, adzatenge ana n'kukawasiya kwa achimwene. Khandali likadali pabere, Amayi, koma ndayamba kale kulizoloweza phala.

Gonani mumtendere. Ndikulonjeza kuti ngakhale mawu atanjenjemera, nyimboyo ndidzaifikitsa kumapeto.

Ine mwana wanu wokukondani,
Esinati