Mawu amene adokotala ananong'ona

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino kutaliko. Kuno tilipo, ana akukula, denga lodontha lija tinakonza.

Lachiwiri ndinaperekeza bambo kuchipatala. Adokotala ataona chithunzi cha m'chifuwa, ananong'oneza namwino mawu amodzi achingerezi, osadziwa kuti alongo anuwo aphunzitsa Chingerezi moyo wawo wonse. Pobwerera ndinawafunsa bambo tanthauzo lake. Anangoseka, amvekere, "Iwe, Chingerezi chili ndi mawu ambirimbiri otsekera nkhani. Asiye amenewo, ndikuphunzitsa okoma."

Ndiye masana aliwonse timakhala pakhonde, iwo pampando wawo wogwedera uja, n'kumandiphunzitsa mawu a zinthu zokhalitsa: ena oyenera mwala, ena mtsinje wosaphwa, ena fungo lotsalira m'malaya mwiniwake atachoka. Amawatchula pang'onopang'ono, maso ali kumitambo, mpaka tulo n'kuwaba mawu ali m'kamwa. Ine ndimangoyang'ana chifuwa chawo chikukwera ndi kutsika. Za adokotala zija sindinafunsenso.

Dzulo anandituma kubzala mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba, akuti mudzadye ndinu. Koma azakhali, musadikire kuti ubereke. Bwerani mwezi uno.

Ndine mwana wanu,
wophunzira Chingerezi mochedwa