Wonga Umene Munatsindira

Amayi, kumene muliko kuli bwanji?

Kuno tilipo ndithu. Mtedza wabereka bwino, tadzaza nkhokwe yaing'ono ija. Achemwali a Esinati anachira ku Kachebere, mwana wamkazi. Ali ndi chipumi chanu, ndipo wayamba kale kukwawa. Mbuzi yakuda inatsatira zinzake ku Zambia, sinabwerenso. Kumsika akufunsabe khadi la chipani pachipata.

Koma ndalemba chifukwa cha gogodela, mfuti imene atate anakusiyirani popita ku Joni. Mukukumbukira tsiku limene nguluwe zinalowa m'dimba? Munathira wonga, munatsindira, munaika chipolopolo. Kenaka mutu unayamba kukupwetekani, munaiimika kuseri kwa chitseko n'kukagona. Simunadzukenso. Chaka chonsechi yakhala pomwepo, wonga wanu uli m'kati.

Mwezi watha amalume a Yohane anaiona. Anati, "Iwe Felesiya, ukufuna mwana wa Esinati adzaigwetse? Mfuti yotere sachotsa wonga ndi zala, amaiomba basi. Ukakana ndikaipereka kuboma." Ine ndinangoyang'ana pansi, monga mukundidziwira. Ndinalephera kuwauza kuti zonse zimene munagwira zinatha. Miphika tinagawana, zovala zinapita kwa abale, ufa umene munasinja tinadya pamaliro anu. Ntchito ya manja anu inatsala m'mfutimo mokha. Nthawi zina posesa ndinkaika khutu pamenepo, sindidziwa kuti ndinkafuna kumva chiyani.

Amalume anati aiombe okha. Ndinati ayi. Anadabwa, nanga ndinayamba ndawakanizapo?

Dzulo m'mawa ndinapita nayo kudimba ndekha. Ndinatenga fataki, tizipewa tamkuwa toyatsira moto tija munkasunga m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa. Ndinaloza chulu cha kumalire. Ndinakumbukira mawu anu aja: "Ikumbatire paphewa, Fele, ukaiopa ikumenya." Ndipo aja munkanena mukuseka: "Ukatsinzina maso onse awiri, nguluwe ikuthokoza."

Koyamba inangoti tche, osalira. Amayi, ndinakondwa. Ndinafuna kubwerera kunyumba, ndikanene kuti yakana yokha. Koma ndinaganiza za mwana uja, mmene amakokera chilichonse choimirira. Ndinaika fataki ina.

Inalira mpaka agalu a tsidya lina anayamba kuuwa. Phewa likupwetekabe. Utsi woyera unadzaza dimba, ndi fungo lija munkabwera nalo kunyumba m'tsitsi mwanu. Ndinaima m'katimo mpaka mphepo inautenga wonse.

Pobwerera ndinaona kanthu kakufuka pa udzu. Kanali kansalu kamene munatsekera nako wonga. Munang'amba kumphepete kwa chitenje chanu chobiriwira cha nkhanga chija. Ndinakazimitsa ndi zala. Kanapsa mbali imodzi, koma nkhanga ikuoneka mutu ndi phiko. Ndinakhala pansi pamzere, ndinalira kuposa pamanda paja, poti pamanda panali anthu ambiri.

Amalume anamva kulira kwa mfuti ali kwawo. Anabwera, anandiyang'ana phewa, anati, "Mayi ako enieni." Akuti Lolemba tipite kuboma akailembetse m'dzina langa. Ndikuopa kukayankhula pamaso pa akalaliki, koma ndipita.

Ndakusowani, Amayi. Chimanga cha m'dimba chikayamba ngayaye ndidzathira wonga ndekha, ndipo diso limodzi lidzakhala lotsegula. Ndikulonjeza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felesiya