Manambala amene ndinatumizira Tadala

Amayi, kodi kumeneko mwaswera bwanji? Kuno tilipo, koma mtima wanga suli m'malo. Ndikulemba mothamanga, mwana ali kumsana.

Inde, mwana. Anabadwa patatha miyezi inayi mutatisiya, wamkazi, mphuno ngati yanu. Kachewere wa chaka chino anapsa ndi chiwawu, tinangopeza matumba awiri. Koma si zimene ndakulemberani.

Ndi za Tadala, chitsirizira chanu. Malo kusukulu ya ndege kuja anawapeza ndithu. Akuti aphunzitsi ake amamuveka zinthu m'makutu, iye n'kumalankhula ndi munthu wokhala pansanja amene samuona n'komwe. Palinso kamakina kamene kamamva kuchokera ku zinthu zimene anthu anaponya kumwamba, n'kumamuuza pamene ali. Anandifotokozera kawiri, ine osamva. Chinthu chili kumwamba chingadziwe bwanji njira ya ku Mayani?

Mawa akuuluka yekha ulendo wautali koyamba, ndipo akufuna adutse pamwamba pa nyumba yathu. Anandiuza kuti ndiime pabwalo, ndidine pafoni, manambala a malo athu apite kwa iye, awalowetse m'kamakinako. Koma Amayi, mukudziwa kuti pakhomo pano foni sigwira. Ndinakwera phiri mpaka pamwala waukulu paja timaimbira, n'kudinira pamenepo. Lero bambo a mwanayu akuti ndiye kuti ndinatumiza malo a phirilo, osati a nyumba. Kenako aseka, ati palibe kanthu, ndege imadutsa patali. Adziwa bwanji iwowo, ndege anakwerapo liti? Nanga nkhungu ya mwezi uno, imene imabisa ngakhale mbuzi ili pachingwe?

Ndakweranso kawiri kukamuimbira. Foni yake ndi yozima. Uthenga ndalemba, sanauwerenge.

Aphunzitsiwo akuti anamuuza kuti asadalire makina okha, aziyang'ananso msewu wa ku Linthipe, ndipo akasokera anene pawailesi osachita manyazi. Apa ndiye pakundiopsa. Tadala kunena kuti wasokera? Mukukumbuka tsiku lija anatayika m'nkhalango ya paini tikutola nkhuni, n'kukhala duu pansi pa mtengo, ife tikuitana mpaka mawu kusasa? Munkamuuza kuti safunsa anadya phula, iye n'kumangokanda pansi ndi chala.

Sindikudziwa ngati ndalakwa kwambiri, kapena pang'ono, kapena sindinalakwe n'komwe. Wondiuza palibe.

Ndiye ndikupempha inu. Mawa mukaona kandege koyera kakulunjika kuphiri kwathu kuno, mumutsegule pakamwa mwana wanuyo. Mudzakhala naye pafupi kuposa ine. Mumukalipire monga munkachitira muja, alankhule ndi munthu wa pansanjayo.

Ine ndilawirira pamwala paja, ndiziimbabe mpaka foni ithe moto. Akatera bwino, ndikulemberani tsiku lomwelo, ndalonjeza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinta