Dzina la Atate m'Mapepala a Nkhondo

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife kuno tilipo. Chimanga chaka chino chachita mwapakati chifukwa kaufiti wadya mbali ya kumunsi kwa munda, koma nshawa zabereka mpaka tasowa pozianika. Mvula ili kumapeto ndinachira mwana wamkazi, ndipo ansembe anamubatiza dzina lanu, Monika. Chipumi n'chanu, ndipo akakwiya salira msanga, amayamba wakuyang'anitsitsa. Mbuzi yanu yamawanga ija inagwidwa ndi fisi. Denga la khitchini likudontha, bambo a Monika akungoti mawa, mawa. Paja munkati mawa ndi mlamu wake wa ulesi.

Tsopano ndikuuzeni za ntchito munandisiyira ija. Muli gone kuchipatala munandigwira dzanja n'kunena kuti, “Rozaliya, ukafune pepala la atate ako.” Ndalifuna, Amayi, ndipo ndalipeza. Bwenzi zili bwino ndikanapanda kulipeza.

Inu simungaiwale mmene amesenjala anabwerera m'mudzi nthawi ya nkhondo ya azungu ija. Amuna ena anapita ku Bama ndi mfuti. Atate anawapatsa chikhoti, wezulo ndi nyali, n'kuwaika paphiri loyang'anana ndi bwalo la ndege ku Fotijemusoni, kuti ndege ya adani ikabwera aimbe wezulo, tawuni yonse izime moto. Ndegeyo sinabwere. Inabwera ndi mvula, ndi chifuwa chimene akutsokomola mpaka lero. Chaka chimene chikuku chinatenga Yosefe wathu, mzungu woyang'anira alonda anawakaniza kutsika. Munaika mwana wanu wamwamuna atate ake palibe. Ndinali wamng'ono, koma kumanda ndinawamva azakhali, alongo awo a atate, akuti munthu sasiya maliro a mwana wake chifukwa cha wezulo, ameneyo ali ndi mkazi kukomboni. Mawu amenewo munakalamba nawo. Inu munkangoti boma siliiwala, limalemba zonse.

Titamaliza kukolola ndinabereka Monika n'kukwera lole ya thonje mpaka kuboma. Ndinaima pazenera la kumbuyo, kumene timaima ife anthu akuda. Kalaliki wake, bambo wachikulire wa ku Mtenguleni, anandimvetsera bwino n'kunditumiza ku ofesi ya asilikali akale. Amene ndinamupeza kumeneko sanadzutse n'komwe mutu. Anangofunsa nambala ya atate. Nditati analibe, anati wopanda nambala sanapite kunkhondo, ndisatseke njira.

Ndinabwerera kwa kalaliki uja. Mwina anachita chisoni ndi mwana kumsana, chifukwa analowa m'chipinda cha mafayilo akale n'kutuluka malaya ali fumbi lokhalokha. Anati za nkhondo mulibe, anazilongedza m'mabokosi n'kupita nazo ku Halale, poti akuti tsopano ndife dziko limodzi. Chitaganyachi, Amayi! Mkuwa ukupita kumwera, anyamata athu akupita kumwera, ndi mapepala omwe. Kuti udziwe zimene atate ako anachita paphiri limene ukuliona ndi maso ako, uyambe wawoloka Zambezi.

Ndinalembera achimwene a Paulo, amene akadaphikabe muhotela muja ku Halale. Anapempha tsiku n'kupita kunyumba yosungiramo mapepala a boma atavala jekete yobwereka. Sanawalole kukhala pamene amawerengera azungu. Anadikira pakhonde, anabwerera chimanjamanja, anapitanso. Mapeto ake munthu wina wam'katimo anawatayipira tsamba limodzi, ndipo amene anabwera nalo kuno ndi mnyamata wa ku Chipangali amene ankabwerera kwawo. Chingerezi changa n'chochepa, ndiye tinawerenga ndi aphunzitsi a kumishoni.

Pamwamba pali mayina a azungu onse, aliyense ndi udindo wake. Wowakaniza atate kutsika uja amutamanda kuti alonda ake sankachoka pamalo. Kenako pali katundu: zikhoti, mawezulo, nyali, ndi njinga imodzi. Njingayo anailemba ndi nambala yake yomwe. Pansi penipeni pali mawu akuti panalinso alonda akuda angapo. Basi. Ndinawafunsa aphunzitsi ngati kuseri kuli china. Anatembenuza, kunali koyera.

Angapo, Amayi. Ndi amene munagona nawo mphasa imodzi moyo wanu wonse. Ndi amene Yosefe ankaitana thupi likutentha.

Pepalalo ndinalibisa m'dengu masiku ndithu. Koma atate anamva kuti kwabwera munthu wa ku Halale, ndipo tsiku lina akusenda nshawa pakhonde anandifunsa. Ndinagwada n'kuwauza zonse, osachotsa, osawonjezera. Anapitiriza kusenda nshawa zawo. Kenako anati, “Za nyali analemba chiyani?”

Ndinati analemba kuti imodzi inasweka, zina zinabwezedwa zili bwino.

“Yanga sinasweke,” anatero. “Ndinkaipukuta tsiku lililonse. Ndiye kuti ndilimo, mwanawe. Pamenepo ndi ine.”

Anamwetulira, Amayi, kumwetulira kumene sindinakuone chichokereni inu. Ndikanakonda akanatukwana. Ndikanakonda akanaling'amba. M'malo mwake anandituma kuti ndikawaonetse azakhali.

Ndinapita. Ndinawapeza akupeta mapira, ndipo ndinawafotokozera mzere ndi mzere. Anamvetsera mpaka kumapeto n'kufunsa kuti, “Nanga dzina lili pati?” Ndinangopinda pepalalo. Iwo anatola lichero lawo n'kupitiriza kupeta. Nditabwerera, atate anafunsa kuti ati bwanji, ine ndinangoti amva. Paja munkandiuza kuti nkhalamba siuyipatsa fupa ulibe msuzi woti imezere.

Tsopano pepalalo amayenda nalo m'thumba la malaya. Mlendo aliyense amamuonetsa, nthawi zina atalizondotsa, chala chili pamalo pamene akuganiza kuti ndi pa nyali. Ana amaseka kuseri kwa nkhokwe. Ine ndimalowa m'nyumba.

Munalakwa, Amayi anga, ndipo ndikunena mwaulemu. Boma limalemba chimene likuopa kuti chingabedwe. Silinkaopa kuti atate angabedwe.

Pazenera paja sindidzaimanso. Pepalalo sindiwalanda, alisunge mpaka lithe m'mopinda. Koma tsiku limene adzabwere kudzagona pambali panu, silidzalowa nawo m'manda. Ndikudziwa kuti mkazi sayankhula pamaliro, ndiponso mwana satchula dzina la atate ake. Ine ndidzaimirira azakhali ali pomwepo, ndidzatchula lonse, Lazaro Mbewe, ndipo ndidzanena kumene anali. Akandikhazika pansi, adzandikhazike nditamaliza. Limenelo ndiye lonjezo langa.

Mundipsompsonere Yosefe.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Rozaliya